Chigwinjiri cha Amalume

Ku Likulu,
Mwezi wa Kartik, nyengo yokolola, 1941

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Kodi chifuwa chija chinaleka? Ine thupi lili bwino, koma mtima ndiwo ukuwawa.

Nyumba ya Malamulo imene mfumu yathu Maharaja anatilonjeza ija yatsegulidwa. Mipando yambiri ndi ya eni minda ndi anzake a nduna yaikulu. Alimife anatiponyera yakumbuyo, pafupi ndi khomo. Sindinadandaule, poti pa umodzi mwa mipandoyo panakhala amalume a Pemaram. Mukukumbuka mmene analumbirira pamaso pa mudzi wonse, atagwira mchira wa ng'ombe, kuti akathetsa ntchito ya thangata yosenza katundu wa ulenje wa mfumu.

Amalumewo atabwera ku Likulu kuno anafikira kwa ine. Ndinaika pambali zovala za anthu zimene ndimasoka n'kuwasokera chikhoti chachitali chimene amalowa nacho m'Nyumba ya Malamulomo. Pochiyesa ankadzitama, amvekere nduna ikangomva mawu awo idzameza fodya ali ndi moto.

M'mawa wa tsiku lokambirana mfundo yathu yothetsa thangata anawaitana kunyumba yachifumu. Anabwerako akuyenda monyang'wa, chigwinjiri chagolide chili ngwee kumwendo. Inu mukudziwa, Bambo, kuti banja la munthu amene mfumu yamuveka golide kumwendo silisenzanso katundu wa thangata.

Ku Nyumba ya Malamulo ine ndinakhala m'mwamba, kwa owonerera. Lamulo lake n'loti mwini mfundo aimirire akaitanidwa, apo ayi mfundoyo yafa mpaka chaka chamawa. Mlembi anaitana dzina la amalume, n'kubwerezanso. Amalume anangoti duu, akusisita ndevu, atavala chikhoti chosoka ine. Ndinakuwa kuti aimirire, msilikali n'kunditulutsa chondikankha.

Nditawapeza amalume panja anati ndine mwana, zamalamulo sindizidziwa, kuthamanga si kufika. Ndinawayankha kuti iwo afika kale, otsala panjira ndife. Anatumiza munthu kudzatenga bokosi lawo, ndipo kwanga sanapondekonso. Zandipweteka kwambiri. Akanakhala mlendo, bwenzi nditangolavula n'kuiwala, koma mlongo wawo wa Amayi!

Choncho mukangomaliza kukolola mchewere ulenje ubwera monga kale, ndipo nyumba yathu aifuna munthu mmodzi. Chaka chatha munabwerako mukutsokomola magazi. Pempho langa ndi limodzi: mthenga wa mfumu akafika, musatenge nkhata. Tumizani mawu ndi a Bhinya oyenda pa ngamila aja, nditseka makina ndibwere kudzasenza ndine. Musandibisire poopa kuti ntchito indithera. Ntchito ndidzapeza ina.

Moni kwa Amayi, muwauze pang'onopang'ono nkhaniyi. Moni kwa achemwali a Sugna ndi alamu, kwa azakhali ndi ana onse. Amalume akutsika sitima Lachisanu, ndipo ndamva kuti mudzi ukutunga nkhata zamaluwa. Amenewo musawapatse moni wanga. Akayamba kufotokoza, inu mungowayang'ana kumwendo.

Ndine mwana wanu wosakuiwalani,
Ghisaram