Maminiti Anayi a Achimwene

Okondedwa achimwene,

Moni wambiri. Kodi muli bwanji kumeneko, inu, alamu ndi ana? Nanga bondo lija lasiya kukuvutani? Mayi anandiuza pa foni kuti mukutsimphinabe koma kuchipatala mukukana. Sindikudabwa, makani amenewo ndi akumtundu. Ine kuno ndili bwino, kungoti maso ayamba kuwawa chifukwa choyang'ana kompyuta tsiku lonse, moti ndagula magalasi. Anzanga akuti ndikuoneka ngati mphunzitsi wa masamu amene sanadye.

Kuntchito anatisamutsira m'kachipinda kena kopanda windo, pamwamba pa sitolo ya matayala. Fani yake imazungulira ikafuna. Koma ntchito ikuyenda.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Ndakuimbirani katatu mwezi uno kuti ndinene zimene ndikulembazi, koma mukangoyankha mawu amandithawa, ndimayamba kufunsa za mvula ndi za mawailesi amene mukukonza. Ndiye ndati bola pepala, silindiyang'ana.

Nkhani ndi ya filimu yathu ija ya mudzi wa pa mwezi, imene inu munasewera ngati Mwini Mpweya, munthu woipa wotsekera anzake mpweya, ine n'kukhala wodula ndi kulumikiza zithunzi. Kanema wina wakunja akufuna kuionetsa, koma akuti woipayo ndi chigoba chabe. Amangotulukira, kutseka mpope, kuseka, kenako n'kufa, ndipo palibe akudziwa chimene chikumudya. Choncho a Chipewa, otsogolera filimu aja, amene chipewa savula ngakhale pa maliro, anandituma kuti ndifufuze m'zidutswa zotayidwa, mwina muli kena koti n'kumupatsa mtima munthuyu.

Sindinafufuze, achimwene. Ndinkadziwa pamene zili, chifukwa anaziika pamenepo ndine.

Mukumbukira tsiku loyamba kuionetsa? Munabwera ndi mayi ndi alamu, mutavala jekete yabuluu ija, mutauza aliyense m'basi kuti akaonere. M'filimu ya maola awiri munaoneka maminiti anayi, atatu mwa iwo nkhope ili m'chigoba cha chitsulo. Titatuluka munandikokera pafupi ndi zimbudzi n'kundifunsa chimene chachitika. Ndinakuuzani kuti a Chipewa ndiwo analamula, ati kaseweredwe kanu kanali kokoka ndipo kankagonetsa anthu. Linali bodza. Nthawi imeneyo iwo anali m'chipatala ndi ndulu, ntchito yonse anandisiyira ine. Iwonso ndinawanamiza kuti zithunzi zanu zinatuluka zosaoneka bwino, ndipo poti amandikhulupirira sanapemphe n'kuona komwe.

Inu simunakangane ndi munthu. Munangokwera basi ya m'mawa, zisudzo za zaka khumi ndi zisanu n'kuthera pomwepo. Ndikumva kuti mpaka pano makasitomala amakuitanani kuti a Maminiti Anayi, ndipo inu mumaseka nawo. Chaka chatha nditabwera ndinamva wina akutero pa khomo la shopu yanu, nanenso ndinaseka. Manyazi amene ndili nawo pa kuseka kumeneko sindingathe kuwalemba.

Mufunsa chifukwa. Ndayesa kudziuza kuti filimu inatalika, koma ayi. Pali pamalo paja, Mwini Mpweya atatseka mpope wa anthu okhala kunsi kwa mudzi, poti mpweya wotsala sungakwanire onse. Amalowa yekha m'chipinda cha makina, kuvula chigoba, kukhala pansi, n'kutulutsa kansapato ka mwana wake amene ali kunsi komweko. Ndiye amakapukuta ndi mkono wa malaya, pang'onopang'ono, akung'ung'udza nyimbo yosalongosoka. Zimenezo m'pepala la sewero munalibe. Munazibweretsa ndinu, ndipo nditangoziona ndinadziwa kumene munazitenga.

Anali bambo athu enieni. Mmene ankachitira akatikalipira mpaka ife kugona ndi misozi, m'mawa n'kupeza nsapato zathu zakusukulu zitapukutidwa, zitandandalikidwa pa khomo, iwo ali duu ngati sizikuwakhudza. Ngakhale kapendekedwe ka khosi munakatenga. Inu munali mutawakhululukira kale, ine ayi. Paja ndine amene ndinakana kuyankhula pa maliro awo. Sindinafune kuti holo yodzaza anthu iwamvere chisoni pamene ine ndinali ndisanathane nawo. Ndinadula pamenepo, kenako pena, kenako penanso, chifukwa paliponse pamene munavula chigoba ndinkaona iwo. Mkwiyo unali wa pa bambo, koma amene anapwetekeka ndinu.

Sabata yatha ndinalumikiza zonse n'kuwaonetsa a Chipewa. Maminiti makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, achimwene! Anaonera osatsokomola n'komwe. Filimu yonse yatembenuka. Mnyamata wa nkhope yosalala uja, amene tonse tinkati ndiye ngwazi, tsopano akungooneka ngati mwana wothamanga ndi mfuti, ndipo munthu akaonera amatuluka akudzifunsa kuti iye akanatseka mpope wa ndani. Mayi wosesa muofesi anaima pa khomo ndi tsache lake mpaka kumapeto, n'kufunsa ngati bambo ameneyu ali moyo kuti akamupatse moni.

Atatha kuonera, a Chipewa anandifunsa kuti zosaoneka bwino zija n'ziti. Ndinawauza zoona zonse. Sanakalipe. Anangoti munthu amene ndinamubera si iwo, ndipo asandionenso ndikukonza filimuyi ndisanakulembereni. Akanakalipa bwenzi zitandipepukira.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Pamalo pa kansapato paja pali vuto lenileni. Tsiku lojambula kunagwa mvula, ndipo denga la nyumba imene tinkajambuliramo linali la malata. Ndiye tangoganizani, munthu ali pa mwezi koma mvula ili wawawa! Mawu anu sakumveka, pamene mukuuza kansapato kuti simukupempha chikhululuko, mukungofuna wina agwireko kiyi wa mpope tsiku limodzi lokha. Pafunika mubwere mudzawanenenso pa maikolofoni, mukuyang'ana milomo yanu pa sikirini. Ndi ntchito ya tsiku limodzi. Akunja aja akufuna filimu pa 28 mwezi wa mawa. Mukapanda kubwera pofika pa 20, a Chipewa aitana munthu wina, nkhope idzakhala yanu koma mawu a mlendo. Ndamumva kale munthuyo akuyeserera. Amalankhula bwino ngati wowerenga nkhani pa wailesi, koma nsapato sanapukutirepo munthu.

Ndikudziwa kuti ndilibe nkhope yopemphera. Ngati simukufuna kundiona, nenani, tsikulo ndidzachoka muofesi ndipo adzakujambulani ndi mnzanga wa zamawu, munthu wofatsa. Kogona mukhoza kufikira kwa a Chipewa, anena okha. Ngati mukufuna kunditukwana kaye, foni yanga ndi yomwe ija, ndidzamvetsera mpaka mumalize. Chimene sindingapirire n'choti mungoti palibe kanthu mng'ono wanga, monga mumachitira nthawi zonse. Kanthu kalipo. Zaka zinayi mwakhala mukukhulupirira kuti simudziwa kusewera, ndipo ine ndakhala ndikudya pa tebulo lanu ndikudziwa kuti m'filimu monsemo palibe anakufikani.

Mundiperekere moni kwa alamu. Iwo anandiyang'ana mwachilendo tsiku lija pa holo, ndikuganiza kuti anandiona bwino kuposa inu. Moni kwa ana onse, makamaka wamkulu amene akulemba mayeso, kwa achemwali ndi amuna awo, ndi kwa amalume.

Kwa mayi ndiye ndikupempha muwawerengere kalatayi nokha, osadumpha mzere. Anandiuza kuti chiyambire tsiku lija, akamapemphera amatchula a Chipewa kuti Mulungu awaweruze chifukwa chothyola mtima wa mwana wawo. Muwauze kuti amupumitse munthu wosalakwa. Ngati akufuna kupitiriza pempherolo, dzina loti aikepo ndi la mwana wawo winayu.

Ine mng'ono wanu wokulakwirani,
Chitsirizira wa mayi