Amene Munkawabipa Paphiri Paja

Amayi, muli bwanji kumene mwagonako? Ndayamba ndi moni chifukwa ndi mmene munandilerera, koma ndikuuziranitu kuti lero ndabwera mtima uli wotupa, ndipo diso lanu lija lomwe munkanditontholetsa nalo silindiletsa kuyankhula.

Ndiyambe ndi zabwino. Pakati paja munandisiya napo panabadwa mwana wamkazi, ndipo tinamutcha Filomena, dzina lanu. Amayamwa ngati pali wina akufuna kumulanda, ndipo akakwiya amakwinya pamphumi ndendende inuyo. Alberto wakhoza mayeso, walowa kalasi ina. Mbatata ya kachewere inachita bwino kudimba la kumunsi, koma chimanga cha kumtunda chinagwa ndi mphepo chisanakhwime, moti nkhokwe sinadzaze. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, mmodzi anagwidwa ndi galu. Denga la nyumba yanu likudontha pakona paja munkaikapo mtondo. Bambo a Alberto akuti alifolera mvula isanabwere, koma mkamwini wanu mukumudziwa, mawa lake silifika.

Chachikulu chimene chasintha n'chakuti kwathu kuno kwafika redi ya foni, imene ena amati netiweki. Anthu a kampani anakumba ngalande m'mbali mwa msewu kuchokera ku Moatize mpaka pamalire pa Zóbuè, naikamo chingwe, kenako anaimika antena yaitali pamwamba pa phiri lathu lomwe lija. Tsopano munthu amayankhula ndi wa ku Beira ali chikhalire pakhonde. Bambo a Alberto amayamba afunsa mtengo wa mbatata ku Tete asanakweze thumba pa chapa, minibasi zathu zija. Achinyamata agula mafoni aakulu opalasa ndi chala, amati muli intaneti, ndipo amayenda chowerama mpaka kuomba mitengo. Njira yathu ija yokwerera kuphiri yamera tsekera, palibenso akuipita.

Ndikaona zimenezi ndimakumbuka kumene tachokera. Ku Malawi kuja, kumsasa wa othawa nkhondo, nkhani inkabwera ndi miyendo ya munthu. Ndi mmene tinamvera za bambo anga, amuna anu: munthu wina anafika atatupa mapazi, nati anawaona atagwidwa ndi anthu a mfuti kuti akasenze katundu, ndipo onse a gulu limenelo anaphedwa. Ine ndinali wamng'ono, ndinalira chifukwa inu munkalira. Mtendere utabwera tinabwerera kuno, ndipo munakumbitsa manda, tinaikamo jekete yawo ija munathawa nayo, tinazika mtanda wolembedwa dzina lawo. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse pa tsiku la mafinadu, lokumbukira akufa, ine ndi amene ndinkasesa manda amenewo. Ndinkazula udzu ndi manja, ndinkaikapo maluwa, ndinkapereka dzina lawo kwa abambo mfumu kuti alitchule pa Misa. Mwana wanga woyamba ndinamutcha Alberto kuti dzina la bambo lisafe.

Mafoni atayamba kubwera, kuno sankagwira. Malo ake anali amodzi okha, pamwala uja wa pamwamba pa phiri, pamene munthu ankaimirira ndi dzanja m'mwamba ngati akulumbira, redi n'kubwera kamzere kamodzi, mwina ya kuno, mwina ya ku Malawi. Achimwene a Domingo atapeza ntchito yomanga nyumba ku Cateme, kumene anasamutsira anthu ochokera kumene akukumba malasha, anakubweretserani kafoni kakuda kaja. Popeza simunkawerenga, anakuphunzitsani chinthu chimodzi basi: kudina batani lachiwiri n'kuligwira mpaka ilire.

Mukukumbuka Malamulungu athu, amayi? Misa ikatha, ena akupita kukaphika, ife tinkalowera kuphiri. Mukafika pamwala munkadina batani lija, ikalira kawiri mbali inayo munkadula. Kubipa kumeneko, monga amachitira aliyense wopanda kredito, ndalama zoimbira foni. Kenako tinkadikira. Posakhalitsa kafoni kanu kankalira kawiri n'kuduka. Inu munkapuma mpweya waukulu, kukakulunga pansonga ya chitenje, n'kunena kuti, “Basi, tiye. Walira, ndiye kuti ali moyo.”

Ndinakufunsani kuti mumabipa ndani, munati mlongo wako Domingo. Ndiye ine ndinkatukwana njira yonse yotsika. Ndinkati a Domingo ndi ouma manja, munthu wapantchito kulephera kugula kredito kuti amve mawu a mayi ake! Miyendo yanu itayamba kutupa ndinkakukokani ndi dzanja, tinkapuma pamtengo wa msuku uja, ine ndili ndi pakati, thukuta kamukamu. Tsiku lina a Domingo atabwera kudzacheza ndinawanyoza pamaso pa alamu anga mpaka anasiya chakudya.  Inu munali pomwepo mukusenda nyemba, simunadzutse mutu.

Maliro anu atatha, kafoni kaja ndinakaika m'sutikesi yanu pamodzi ndi kolona. Tsiku limene anayatsa antena, mudzi wonse unatulutsa mafoni akale kuti uone ngati akugwira, nanenso ndinakatenga, ndinakatchajitsa pa baraka, kagolosale ka pamsewu kaja. Ndinkati ndizikagwiritsa ntchito ndikakhala kudimba. Lamulungu lotsatira, titangobwera ku Misa, ndikuyamwitsa Filomena pakhonde, kanalira kawiri m'nyumba n'kuduka.

Ndinalowa m'nyumba n'kukatenga. Kenako ndinapsa mtima. Ndinati a Domingo apenga kodi, akubipa foni ya munthu amene anamuika okha m'manda? Ndinathiramo kredito, ndinadina batani lachiwiri, ndipo ulendo uno sindinadule.

Anayankha mwamuna wokalamba, mawu ake onjenjemera, Chinyanja chake chosakanikira ndi Chinyungwe. Anati, “Filomena? Filomena, ndiwe? Wandiimbira?”

Ndinati, “Amayi anamwalira mvula isanathe. Inu ndinu ndani?”

 Ndinkangomva nkhuku za kumeneko ndi kupuma kwawo. Ndinafunsanso, ndipo iwo anati, “Ndiwe Rozalina? Uja unkaopa abakha?”

Amayi, ndani wina padziko pano akanadziwa za abakha aja? Mwana anatsala pang'ono kugwa pamwendo. Mawu oyamba amene ndinayankhula ndi bambo anga, chiwasiyireni ndili kamwana, anali owauza kuti mkazi wawo anafa. Analira pafoni ngati mwana mpaka kredito inatha.

Tsiku lomwelo ndinaimbira a Domingo pafoni ya bambo a Alberto. Poyamba anayesa kuzungulira, akuti redi ikuduka, sakundimva bwino. Ndinati, “Achimwene, redi yake iti? Antena ndikuiona ndi maso anga apa. Nenani.” Ndiye anaulula zonse. Akuti ku Cateme kuja anamva mkulu wina akuyankhula Chinyanja cha kwathu pakati pa Anyungwe, atayang'ana dzanja anaona chala chodulidwa ndi nkhwangwa, chala cha bambo chomwe munkatisimbira chija. Bambo sanaphedwe. Anathawa ali ndi bala, anthu a m'mudzi wina pafupi ndi Moatize anawasamala, anamva kuti midzi ya kuno inatenthedwa yonse, ndipo anakwatira konko n'kubereka ana, mpaka mudzi wonsewo anausamutsira ku Cateme. Mtendere utabwera anamva kuti tili moyo, koma manyazi anawamanga miyendo.

A Domingo akuti anabwera kudzakuuzani. Madzulo ake munati, “Maliro awo tinalira kale, manda alipo. Mawu awo sindifuna kuwamva, kuno asaponde. Ndizingodziwa kuti akupuma, basi. Ndipo Rozalina asamve.” Pa batani lachiwiri lija anaikapo nambala ya bambo, ndipo munawalumbiritsa atagwira kolona yanu. Ndiye chifukwa chake inu mutamwalira sanawauze bambo, poopa kuti abwera kumaliro, anthu n'kuona munthu wamoyo ataima pafupi ndi mtanda wake. Nkhalamba ija yakhala ikubipa Lamulungu lililonse foni yozima ili m'sutikesi, ikuganiza kuti mwaikwiyiranso.

Kuwakwiyira bambo ndikukumvetsani, amayi. Munatisenza pamsana kudutsa malire, munalima nokha, amuna anabwera kudzakufunsirani inu n'kuwakana chifukwa cha munthu amene anali kudya kwa mkazi wina. Zimenezo zinali zanu ndi iwo. Koma ine ndinakulakwirani chiyani? Inu amene munkati, “M'nyumba mwanga mulibe chobisika, ngakhale mchere ndimausiya poyera.” Inu amene munandikwapula ndili mtsikana chifukwa ndinanama kuti ndinali kwa anzanga. Pa mafinadu awiri omaliza aja munkadziwa kale, koma munandiyang'ana ndikugwada pamanda a jekete, ndikuphunzitsa Alberto kupempherera agogo ake, ndipo munayankha ameni. Paphiri paja ndinkaima pambali panu, phewa ndi phewa, bambo anga ali mbali inayo ya kafoni kali m'manja mwanu. Mukanangondipatsa, amayi. Mukanangoti gwira, mva. Munandiyesa mwana wosatha kusenza nkhani, ine amene ndinkakusenzani inuyo pokwera.

Koma chimene chikundisowetsa mtendere kwenikweni ndi tsiku lanu lomaliza. A Domingo anali atabwera, atakhala pampando pafupi ndi chitseko. Munatsegula maso n'kufunsa kuti lero n'lachingati. Ndinati Lamulungu. Munayamba kufufuza pansonga ya chitenje, munati, “Ndinyamuleni, tipite kuphiri.” Ine ndinaseka, misozi ili m'maso, ndinati amayi mutu wasokonezeka, mukabipa ndani poti mwana wanu ndi uyu ali apayu? Munalimbikira, munandigwira dzanja mwamphamvu, ndipo ine ndinakulandani kafoni kaja n'kukaika pawindo kuti mugone. Munawayang'ana a Domingo, iwo anayang'ana pansi. Ngakhale pamenepo, mpweya ukutha, nonse awiri simunanene. Akanatha kuthamanga okha kuphiri, mnyamata wamiyendo yake, koma anaopa kuti ndifunsa. Munandichititsa kuti ndikukanizeni chinthu chomaliza chimene munapempha padziko, ine ndisakudziwa chimene ndikukana. Chimenechi chokha sindinakukhululukireni, ndipo sindikunamizani kuti ndatero.

A Domingo sindikuyankhula nawo. Amaimba, ndimangoiyang'ana foni mpaka itasiya. Poyamba redi inkasowa, tsopano ili mbwee m'nyumba monse, koma zoti ndiwauze ndilibe.

Mwana wamkazi wa bambo wa ku Cateme, dzina lake Luiza, watumiza chithunzi chawo pa intaneti, pafoni ya aphunzitsi a Alberto. Ndinachiyang'ana mpaka aphunzitsi anachita kundipempha foni yawo. Akhala pakhonde la kanyumba ka simenti kong'aluka khoma, aonda, tsitsi lonse mbuu. Makutu ndi a Alberto enieni, otambalala aja munkawaseka. Luiza akuti chifuwa chawavuta chaka chino, kuchipatala cha ku Moatize apitako kangapo, ndipo masiku ena sadzuka. Akuti ndikafuna kuwaona ndisadikire kukolola.

Lamulungu lapitali anabipanso, ine n'kuwaimbira. Sitidziwa kucheza, amayi, timangofunsana za mvula. Koma pomaliza anandifunsa kuti, “Kodi mayi ako ananditchulako asanapite?” Ndinati ayi, chifukwa dzina lawo simunalitchule. Anati, “Chabwino, mwanangu, ndi mmene ziyenera kukhalira.” Nditadula m'pamene ndinakumbuka za kuphiri zija, ndipo ndinakhala pansi pomwepo pabwalo.

Ndiye mverani chimene ndachita ndi chimene ndichite, musadzati sindinakuuzeni, poti ine zobisa sindinatengere. Mtanda wa bambo ndazula dzulo masana, anthu akuona. Amene anafunsa ndawauza. Alberto ndamukhazika pansi, ndamuuza kuti agogo amene ankawapempherera ali moyo, ndipo wandifunsa ngati mapemphero ake aja anatayika. 

Loweruka ndikwera chapa cha m'mawa kupita ku Cateme, ndi Alberto, ndi Filomena kumsana. Munati kuno asaponde, ndipo sapondadi, miyendo yoti n'kufika kuno alibenso. Koma simunanene kuti ine ndisapite, poti kwa inu ine sindinkayenera n'kudziwa komwe. Ndikawatengera mbatata pang'ono ndi nyemba za m'munda mwanu. Ndikakhala nawo pafupi, osati pafoni, ndikawauza kuti ndinawayankha molakwa. Ndikawauza kuti mkazi amene anakana kumva mawu awo anakwera phiri ndi miyendo yotupa Lamulungu lililonse, ndipo pa tsiku lake lomaliza anapempha kuti timunyamule akawabipe. Mwina mukwiya kumeneko kuti ndakuululani. Kwiyani, amayi, tikhale okwiya tonse awiri.

Pa mafinadu ndibwera kudzasesa manda anu, anu okha chaka chino. Ndidzabwera ndi maluwa monga mwa nthawi zonse, ndipo ndikulonjeza kuti ndidzakuuzani zonse zimene ndikaone ku Cateme, kaya mukufuna kuzimva kaya simukufuna.

Ndine mwana wanu amene munamubisira, koma wokukondanibe,
Rozalina