Mphonda za Mlamu Wathu

Mng'ono wanga wokondedwa,

Uli bwanji kumeneko pamodzi ndi bambo a kunyumba? Chifuwa cha mwana chija chinatha? Kuno tilipo, ndipo amayi ayamba kuyenda okha mpaka pageti. Ndiyenera kusangalala, koma mtima wanga wada bii.

Ukukumbuka njere zija unapatsa mlamu, mkazi wa mlongo wathu, za mphonda zazitali zonga njoka? Anadzala kuseri kwa bafa, zinayanga mpaka pawaya woyanikapo zovala. Ankazimangirira timiyala kunsonga kuti ziwongoke, kuzisasatitsa ngati ana.

Ankathyola zanthete, n'kuphika ndi anyezi, tomato ndi timafuta pang'ono. Amayi, amene ankatha masiku anayi ali odzimbidwa, m'mimba munamasuka. Chilakolako cha chakudya chinabwerera. Anesi atawayeza anati shuga watsikako, ndipo ndiwo zotere n'zabwino poti zili ndi madzi ambiri komanso sizinenepetsa, bola asasiye mapiritsi.

Mapiritsi ake amene ndimakaimira pamzere ndine! Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuwasambitsa, kuwachapira zofunda, kuwayezera mchere ndi kasupuni. Koma alendo akabwera, amayi amati mpongozi wawo ndiye dokotala, mwana amene Mulungu anachedwa kuwapatsa. Ine ndili chiimire pomwepo, beseni lili m'manja. Mlongo wathu naye ati ndikaphunzire kuphika kwa mkazi wake. Ine amene ndinkamupukuta mamina!

Tsono imva, usandiweruze msanga. Lamulungu lapitalo, mlamu ndi mlongo wathu atapita kutchalitchi, ndinawiritsa madzi m'ketulo n'kukathira patsinde pa mphonda zija. Kawiri konse. Pofika Lachitatu zonse zinali zitafota. Mlamu anakhala pansi n'kulira, ati mwina ndi chiswe. Choipitsitsa, anandipepesa ine kuti ntchito yosakira amayi ndiwo yandibwereranso.

Dzulo ndikuwatsuka kumsana, amayi anati chiswe chonyamula ketulo anachionera pawindo, koma sanauze munthu. Sopo anandipulumuka m'manja. Ndinawafunsa chifukwa chake samanditamako ngakhale tsiku limodzi. Anaseka, ati kodi munthu amathokoza dzanja lake likamusambitsa? Ati mlendo ngati mpongozi wawoyo ndiye amafunika kumuyamika kuti akhazikike. Ndinalira, komabe sindinakhutire. Ngakhale dzanja limafuna kudzola mafuta.

Pempho langa nali. Ngati njere zija zinatsalako, unditumizire msanga, chifukwa amayi ayambanso kudandaula m'mimba. Pa envulopu ulembe dzina langa, osati la mlamu. Zikamera ndidzamuululira zonse, zimenezo ndakulonjeza. Koma mphika woyamba ndidzaphika ndine.

Undiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse. Mulungu akusungeni. Ukawerenga kalatayi uing'ambe.

Ndine,
Mkulu wako