Amayi Akutsinzina Phala Likafika

Lolemba, 8 Disembala 2008

Amayi agwa pamzere wa feteleza ku Simlemba. Anaimapo chiyambire m'mawa, kuponi atamangirira pansonga ya chitenje. A Lajabu a golosale ndiwo awanyamula pa pikapu yawo mpaka kuno kuchipatala. Ine uthenga wandipeza ndikuphunzitsa.

Akuti sitiroko. Mbali yonse ya kumanja yafa. Sakulankhula, akungondiyang'ana.

Lachiwiri, 9 Disembala

Sakudya. Adokotala awapima pakhosi, akuti kumeza angathe. Koma ndikangofikitsa supuni ya phala, akutsinzina, pakamwa n'kutseka. Ndathira shuga, ndathira nsinjiro, ayi ndithu.

Achimwene a Frazer anafika masana, matope mpaka m'mawondo, poti akuwokera fodya. Akuti, "Iwe Feggie, sukulu yonse ija, phala lokhali likukukanika?" Analanda supuni. Chimodzimodzi. Anatuluka msanga, ndinawaona pawindo akupukuta maso ndi chipewa.

Lachitatu, 10 Disembala

Dilipi yokha. Milomo yawo yayamba kung'aluka. Nesi wati akapanda kudya pofika Lachisanu, awalowetsa paipi ya m'mphuno. Mayi wa pabedi loyandikana nafe anali nayo paipi yotereyi. Lero pabedipo pangotsala matilesi.

Kodi atopa nawo moyo? Kapena ndine amene sindikudziwa kudwazika? Ndikangomva mawilo a machira m'khonde, ndikuyang'ana ngati amayi akupumabe.

Lachinayi, 11 Disembala

Kunabwera amayi a Chigwirizano a kumpingo kwathu, mabulauzi oyera atafiira ndi fumbi la pa matola. Anaimba chapansipansi, a Lefina, mtsogoleri wawo, n'kupemphera. Atangoti ameni anatsegula botolo la thobwa. "Imwani aNabanda. Mukufuna mzere wanu m'munda wa mpingo akupalireni ndani? Ine msana ndilibe."

Amayi anamwa. Pang'ono, koma anamwa! Ndinaimbira achimwene nthawi yomweyo.

Madzulo ndabwera ndi phala, atsinzinanso. Ndinatsala pang'ono kuwakalipira. Kenaka ndinaona dzanja lamoyo lija, lamanzere, atalisanjika pachifuwa. Nkhope imeneyi ndikuidziwa. Sakukana. Akudikira.

Chibadwire sindinawaonepo akuika kanthu m'kamwa asanapemphere, ngakhale chimanga chootcha kumunda. Asanayambe kusoka fodya m'chigafa, pemphero. Asanakwere njinga, pemphero. Tinkawaseka kuti Mulungu amayi awa amusowetsa mpumulo, mpaka panado yemwe. Tsopano mawu awachokera, ndiye akuyembekeza kuti wina awanenere.

Winayo ndine. Koma ine chichokere ku koleji sindinapempherepo mokweza. Sikuti ndinakangana naye Mulungu, zinangozirala ngati moto wosasonkhezera. Ndinatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Anthu m'wodi muli thoo, aliyense ndi wodwala wake, koma ndinkamva ngati onse akundimvetsera.

Ndipo china chikundiopsa kwambiri. Bwanji ndikapemphera iwo osadya? Ndidzatsala ndi chiyani?

Phala lazizira. Ndalitaya.

Lachisanu, 12 Disembala

Nesi anafika m'mawa, paipi ili m'mbale yachitsulo. Ndinati, "Chonde asisita, mundidikireko pang'ono." Anayang'ana wotchi, n'kuima pomwepo.

Ndinafikitsa supuni. Anatsinzina. Ndinagwira dzanja lija, linali lozizira.

"Atate, ndine Feggie. Phala ili..." Zotsatira ndinaiwala. Mawu onse okoma a amayi aja, palibe ndi limodzi lomwe linabwera. "Phala ili lidalitseni. Amayi anga adye. Ndikuchita mantha. Ameni."

Sindinafune kutsegula maso. Ndinangomva nesi akuti, "Apatsenitu, akuyasamula."

Lina linatayikira pachibwano, koma lambiri linalowa. Anafika pakati pa kapu. Nesi ananyamula mbale yake, akuti, "Ndibweranso masana, tione."

Sindikudziwa ngati achire. Adokotala akuti za mawu tisafulumire kuyembekezera.

Pompano ndawathirira madzi oti atsukulire m'kamwa. Ndafikitsa kapu. Atsinzinanso, dzanja pachifuwa.

Ndisiye kaye kulemba.