Kasefa ka Bambo a Zione

Loweruka, 13 Julayi
Kuzizira. Mphepo ya kuno ku Nsaru ilibe ulemu. Tsiku lonse kuswa mtedza, chala chatupa.
Bambo a Zione aika kasefa katsopano m'wailesi yawo yolankhulirana ija. Iwo akuti fyuluta. Akuti katseka phokoso lonse la chigayo chatsopanochi, n'kungosiya kanjira kang'onong'ono kodutsa kulira kumodzi basi. Achita kuvalira jekete ngati kukubwera abusa.
Dzuwa litapendeka, pampando, kudikira a Fumbani a ku Rumphi, mnzawo wa ku positi nthawi ya matelegalamu. Chidwalireni sitiroko, a Fumbani mawu satuluka. Foni ndi yachabe. Chatsala ndi dzanja limodzi logogodera ti-ti-taa pawailesi, zilembo za matelegalamu zija, ndipo awiriwa amacheza choncho Loweruka lililonse.
Lero zii. Phokoso lachoka, a Fumbani achoka nalo.

Lachiwiri, 16 Julayi
Mlandu wagwera waya wa wailesi amene anamupachika mumtengo. Munthu wa zidzukulu kukwera bulugamu, ine pansi kugwira makwerero, pemphero pakamwa. Waya ali bwinobwino. Kenako batire la sola. Lili bwinobwino. Kenako awotchereranso timiyendo ta kasefako, awotcha ndi nsalu yanga ya patebulo yomwe. Ati, "Kabowo kakang'ono aka." Nkhonya yanga ikudutsapo.

Loweruka, 20 Julayi
Ndili pakhonde ndi mtedza wanga, ndamva ti-ti-taa, koonekera bwino, kowonda ngati kamwanapiye. Mtima pansi, ndati anthu apezana. Kulowa ndi tiyi, bambo ali duu, pensulo pansi. Akuti palibe kanthu, kasefa kakudya mawu onse. Chikhalirecho wailesi ikulira pamaso pawo, kasingano kakuvina.
Ndangoima ndi kapu m'manja.
Achotsa kasefa. Phokoso labwerera ngati mvula pa malata. Apotokola mpaka kulira kwanenepa, atolamo zilembo ziwiri, zina zamira m'phokosomo. A Fumbani aitana, aitana, asiya.
Zoti ine ndawamva a Fumbani sindinawauze. Chifukwa chake sindikuchidziwa. Ayi, ndikuchidziwa.

Lamulungu, 21 Julayi
Kutchalitchi amayi oimba mawu apamwamba anasochera nyimbo yonse, aliyense njira yake. Bambo, amene anatsogolera kwaya kuyambira Zione ali kumsana, kumangogwedeza mutu mokhutira. Kale akanatsokomola mpaka oimbawo kuchita manyazi.
Ndiye ndayamba kukumbuka. Foni kulira m'thumba mwawo, iwo osatekeseka. Anapiye kulira kabawi atatera, iwo phee ndi nyuzi. Ine kuitana kuchokera kukhitchini mpaka kukhosi kuwawa. Ndimayesa mwano wa ukalamba, ndipo ndawanyanyalirapo kangapo.
Kasefa kalibe mlandu. Kamadutsitsa kulira kumodzi kokha, ndipo n'komweko kumene makutu a mwamuna wanga anasiya kumva. Ndachita mantha.

Lachinayi, 25 Julayi
Waimba Febe, mwana wa a Fumbani. Akuti bambo ake akagogoda osayankhidwa amatembenuzira mpando kukhoma, chakudya osachikhudza. Dzulo aloza wailesi, aloza katoni, kuti ipakiridwe basi. Ndamupempha kuti asaike kaye, atipatse Loweruka limodzi.
Ndiye ndawauza Bambo a Zione, akusenda mbatata. Ndazungulira, ndazungulira, kenako ndangoti ine ndimawamva a Fumbani ndili pakhonde, vuto si wailesi.
Ati, "Makutu awa anagwira ntchito ya boma, mayi."
Ndati n'chifukwa chake apuma, nawonso akufuna penshoni.
Sanaseke. Mbatata aisiya. Pakamwa pangapa, Zelifa iwe.

Lachisanu, 26 Julayi
M'mawa wonse moni yekha. Apita kudimba kukathirira mpiru wothirira kale.
Masana andiitana. Buku la wailesi lili pamiyendo, magalasi pamphuno. Akuti m'wailesimo muli kena kotsitsira kulira kasefa kali momwemo, sanakagwirepo chigulireni. Andikhazika pambali, ati ndizinena ngati kukulirabe. Atsitsa, ndati kukulira. Atsitsanso, kukulira. Iwo nkhope gwa. Atsitsanso mpaka kamwanapiye kasanduka njiwa.
Ati, "Apo."
Sanandiyang'ane. Koma dzanja langa analigwira, ndi chala chotupa chomwe. Ndapirira.

Loweruka, 27 Julayi
Jekete avalanso. Mtedza lero ayi, ndakhala pakhomo.
Poyamba zii, mtima wanga m'mwamba, mwina katoni yatsekedwa kale. Kenako njiwa ija, pang'onopang'ono, mopunthwapunthwa. Pensulo yayamba kuyenda. Bambo aseka okha, aseka mpaka kuvula magalasi n'kupukuta m'maso. Akuti a Fumbani agogoda kuti, "Ndimayesa wafa osanditsanzika, wamwano iwe."
Acheza mpaka batire kudandaula. Phokoso la chigayo osamveka n'pang'ono pomwe. Kasefa n'kabwino ndithu, ndakapepesa mumtima.
Atamaliza ndaima kumbuyo kwawo, ndatsitsa mawu ngati mkulu wa mpingo wolengeza maliro, ndati tiyi wapsa. Atembenuka nthawi yomweyo. Kamodzi kokha, osabwereza.
Afunsa ngati ndili ndi chimfine. Ndati eya, ndipo sichichoka msanga.
Zaka zonsezi ndakhala ndikuwauza zinthu ndi mawu anga owondawa. Zonyoza zilipo, zimenezo zipite. Koma zinalipo zina, zimene ndinkanena chapansipansi, iwo osayankha, ine n'kumati basi munthuyu anatopa nane.
Zimenezo ndiyambiranso. Kaya ndiyambira chiti