Ndinadutsa pa masamba a maliro osatsika njinga

Aphungu,

Ndine mwamuna wowotcherera zitsulo kuno ku Chongwe, ngakhale kwathu kwenikweni ndi ku Katete. Ndikukulemberani mutu utaima, chifukwa ukwati wanga ukutha usanayambe n'komwe, ndipo yauthetsa ndi njinga yamoto imene ndakhala ndikuilakalaka kuyambira ndili mwana.

Ndili pachibwenzi ndi Nelesi wa ku Nkomeshya. Ankhoswe anga anali atafika kale kwawo, ndipo amene ankayendetsa zonse kumbali yawo anali amalume ake, a Yotam, omwe anamulera.

Mwezi wathawu ndinapita ku Lusaka kukatenga njingayo. Si timahonda tija anyamata amanyamulira anthu pamsika ayi. Ndi chinjinga chakuda, cholemera ngati ng'ombe, tayala lakumbuyo lofanana ndi la galimoto. Wondigulitsa anandifunsa ngati ndinayendetsapo yotere, ine ndinati inde. Zoona zake n'zakuti ndinaphunzirira pa kanjinga ka msuweni wanga konyamulira tomato.

Pa phula ndinasangalala, Aphungu, sindikubisirani. Ndikangoipatsa moto pang'ono inkandikoka manja mpaka mapewa kuwawa, kulira kwake ndikukumvera m'chifuwa. Malole opita ku Chipata ndinkangowasiya m'mbuyo. Ndinkaseka ndekha m'chipewa, ndipo ndinaganiza zoyamba ndakamuonetsa Nelesi ndisanafike kunyumba. Foni inkalira m'thumba, ine osaimva. Anali Nelesi yemweyo, akufuna kundiuza kuti amalume ake amwalira m'mawa umenewo.

Nditangosiya phula chimwemwe chinathera pomwepo. Mumchenga chinjingacho chinayamba kuvina, ndipo ndinazindikira kuti ndikaima chigwa, chikagwanso sindingachidzutse ndekha. Kenako ndinaona masamba atayalidwa pamsewu pafupi ndi nyumba ya a Yotam. Mwambo ndimaudziwa bwino: pa maliro munthu amatsika njinga, kuvula chipewa, n'kuikankha mpaka atadutsa. Ndinagwira buleki, tayala lakutsogolo linaterereka, ndipo ndi mantha dzanja langa linawonjezera moto m'malo mousiya. Njinga inabangula. Amayi amene ankachokera kumjigo anataya zidebe n'kuthawira m'tchire, nyimbo ya maliro inadukira pakati, fumbi lonse linakalowa mutenti momwe munakhala akuluakulu.

Ndinapitirira. Msewu unali wopapatiza, kutembenuka ndinkaopa, manyazi nawo anali atandigwira. Ndinkadzinamiza kuti chipewa chandibisa, kuiwala kuti ovolosi yanga yalembedwa dzina la shopu kumsana.

Tsiku loika maliro ndinapita pa basi. Palibe anandithamangitsa. Koma pokwirira, fosholo inkachoka kwa mwamuna uyu kupita kwa uyo, ndipo itafika pa ine inandidumpha. Ndinatsala nditatambasula dzanja, anthu onse akuona.

Nelesi anandilankhula kamodzi kokha, pobwerera kumanda. Anati, "Ba Ezron, sembe munagwa chabe, sembe tinakunyamulani. Manje imwe munapitilila monga ni mbuzi yamene yafa." Kuyambira pamenepo foni yanga sayankha, ndipo abale ake auza ankhoswe anga kuti nkhani ya ukwati iyambe yaima.

Ku Nkomeshya akuti ndalemera, ndiye ndayamba matama. Sindinauze munthu aliyense kuti njingayo inandikanika. Ndingayambire pati, pomwe anzanga amabwera kudzajambulitsa nayo n'kumanditchula kuti bwana? Ili m'shopu, ndaifunditsa lona, ndipo ndikaiona mtima umandipweteka. Chakudya sichikulowa, ntchito ndikungowononga zitsulo za eni. Ndimamukonda Nelesi, koma sindikuona poti ndingalowere. Kodi ndiigulitse ndibwerere ku Katete? Kwa ine zikuoneka kuti zonse zatha.

E. B., Chongwe

A E. B.,

Pepani ndi zimene zakugwerani. Fosholo ija yandiwawa ngakhale ine. Koma tisanamizire njinga. Kuterereka mumchenga inali ngozi, ndipo ngozi anthu amakhululuka. Chimene chawapweteka n'chakuti simunabwerere. Nelesi anakuuzani kale zimenezi, ndipo ananena bwino kuposa ine.

Vuto lanu lalikulu ndi ili: mwalola kuti akuyeseni wamatama, bola asadziwe kuti munachita mantha. Mwasankha molakwika, bambo. Palibe banja limene lingakane mkamwini chifukwa njinga inamukulira. Amene amakanidwa ndi uja wonyoza maliro, ndipo kukhala chete kwanu kukuwatsimikizira tsiku ndi tsiku kuti ndinu ameneyo.

Yambani ndi ankhoswe anu. Auzeni zonse monga mwandiuzira ine, osasiya bodza lija la ku Lusaka ndi kanjinga ka tomato. Mwina aseka, alekeni aseke. Iwowo akapemphe tsiku kwa akuluakulu a kwa Nelesi. Tsikulo muvale bwino, munyamule nkhuku ndi ufa ngati chipepeso, ndipo njinga itsale pansi pa lona pomwepo. Mukatsika basi muyende wapansi kudutsa malo omwe aja munathira anthu fumbi.

Mukafika musafunse za Nelesi, ndiponso za ukwati musazitchule. Woyamba kumupepesa ndi mkazi wa malemu, kenako akuluakulu, kenako amayi aja munawathamangitsira m'tchire. Khalani pansi, nenani kuti njinga inakukanikani, munaopa, ndipo munalakwa posabwerera. Musawonjezere zoti msewu unali woipa. Msewuwo amaudziwa kuposa inu. Ndipo mvula isanagwe, dziwani kuti munda wa a Yotam ulibenso mwamuna woulima. Khasu palibe adzakudumphitseni.

Za kugulitsa njinga musapupulume, chifukwa kuigulitsa sikupepesa. Pezani munthu wodziwa njinga zazikulu akuphunzitseni pabwalo lopanda anthu, kuima, kutembenuka ndi kuidzutsa ikagwa, muonenso ngati laisensi yanu ikukulolani kuyendetsa yaikulu chonchi. Ikakukanikanibe, pamenepo igulitseni popanda manyazi. Ku Katete kokha musathawireko, mwathawa kale kamodzi. Ndipo kusadyako kukapitirira, uzani abusa anu kapena mbale amene mumamukhulupirira, musazisunge nokha m'shopu.

Ndikuchenjezeni, sindikulonjeza kuti Nelesi abwerera. Anataya munthu amene anamulera, ndipo tsiku limenelo ankakufunani pambali pake, inu n'kumudutsa ndi phokoso. Akhoza kukukhululukirani koma osakufunaninso, ndipo ufulu umenewo ali nawo. Musamuumirize ndi mafoni. Pitani mukapepese ngakhale mutadziwa kuti ukwati palibe, chifukwa maliro aja munawalakwira ndithu.

Ndipo tsiku lina mukadzaonanso masamba pamsewu, njinga n'kukana kuima, ilekeni igwe.

Aphungu