Njere ya Chimanga pa Chibwano

Ligowe, Neno
18 Sepitembala 2024

Okondedwa amake Takondwa, mwana wanga Lucy,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joni kumeneko. Ife kuno tilipo, kupatula msana wa amayi anu umene sudasiye mwano. Akundilembera ndi a Binwell a kutchalitchi kwathu, ndipo ndawauza kuti alembe monga ndikunenera, osakometsera. Pa foni mumalankhula mothamanga, pamene nkhani iyi ndi yofuna kukhala pansi.

Mukudziwa kuti nyamakazi ya Takondwa idayambira m'maondo. Chaka chino mwana adayambanso kulephera kuyasamula. Nzimbe adasiya, chimanga chootcha ankachita kutongola ndi zala, kukwaya ankangong'ung'uza. Adokotala a pa boma adati mwina matendawa afika polumikizana nsagwada ndi mutu, pafupi ndi khutu, ndipo akapanda kuoneka msanga chibwano chimakula chopotoka. Adatitumiza ku Blantyre, kumene kuli makina otchedwa MRI, ojambula m'kati mwa munthu popanda kumung'amba.

Koma adandichenjeza kuti, "Agogo, makinawa amasokosa kwambiri, ndipo mwana ayenera kugona osagwedezeka. Akasuntha zithunzi zimawonongeka, ndiye mudzadikiranso miyezi."

Mwana wanu mukumudziwa, ngakhale kutulo amavina. Ndidafunsa kuti, "Kodi amasokosa kuposa chigayo?" Adokotala adaseka nati, "Ndi pachibale."

Basi, nzeru zidandibwerera pomwepo. Ndidapita naye kuchigayo cha a Jailosi, n'kumugoneka pa matumba pafupi ndi injini, n'kumuvundikira dengu lalikulu kumaso. Pa chibwano ndidaikapo njere ya chimanga, ndipo ndidati, "Ikagwa, wagonja."

A Jailosi adatuluka ali mbuu ndi ufa. "A Gerishon, mdzukuluyu tigaye mgaiwa kapena woyera?"

"Lizani chigayo inu, sukulu yayamba," ndidatero.

Amayi odikira ufa adaseka mpaka kugwira nthiti, wina nati ukalamba wandikwera kumutu. Tsiku loyamba njere idagwa injini isanatenthe n'komwe, nkhuku n'kutola. Koma tinkabwererako akaweruka kusukulu, mpaka amayi omwewo adayamba kumuchemerera kuti, "Limba, Tako! Usamupatse tambala ameneyo!" Pofika sabata ya ulendo, thumba lathunthu linkagayidwa njere ili pomwepo.

Makina aja ali ngati paipi yaikulu ya pansi pa msewu, koma yoyera mbee. Ali ndi maginito amphamvu, ndiye chitsulo sichilowa m'chipindamo. Takondwa adavula ndolo zimene mudamutumizira zija. Ine adandisiyitsa makiyi ndi lamba yemwe. Ndidalowa dzanja lina litagwira buluku, lina litagwira phazi la mdzukulu wanga. A Binwell akuseka, koma ndawauza kuti alembe.

Makina atayamba kugunda, phazi lija lidanjenjemera. Mawu anga sakadawamva, pakuti adamutseka m'makutu. Ndidangomufinya chala chachikulu monga ndinkachitira kuchigayo injini ikamadzuka. Mwana adangoti zii. Adamujambula atatseka pakamwa, kenako ataluma kanthu kuti pakamwa pakhale potsekuka, osasuntha ngakhale pang'ono.

Wojambulayo adatuluka akupukusa mutu. "Mwana uyu adaphunzira kuti? Akuluakulu enieni amativuta muno."

Ndidati, "Ku Ligowe, kwa a Jailosi."

Zithunzi zidaonetsa kutupa mbali ya kumanzere, koma fupa silidadyeke. Akuti tidafika nthawi yabwino. Adamusinthira mankhwala, ndipo tizipitabe kukaonana nawo. Tsopano zala ziwiri zikulowa m'kamwa mosavuta, chachitatu chikugogoda. Lamulungu lapitali Takondwa adaimba kukwaya mpaka amayi anu adapukuta maso ndi mpango, ati ndi fumbi.

Landirani moni kuchokera kwa amayi anu, a Jailosi ndi a kwaya onse. Takondwa akuti moni wake uli mu envulopu. Mukaigwedeza mupezamo njere ya chimanga, imene idakhala pa chibwano osagwa. Akuti muisunge bwino, mudzabwere nayo, mudzadzale limodzi mvula yoyamba ikagwa. Ndamuuza kuti ntchito ya amake siyosiyika wamba. Iye akuti phando wakumba kale kuseri kwa nkhokwe, ndipo m'mawa uliwonse amachotsamo zinyalala.

Ine sindikupemphani kanthu, mwana wanga. Ndangoti ndikukumbutseni kuti kuno mitambo imayamba mu Novembala.

Ndine bambo wanu,
Gerishon